Musanasonkhetse anthu ndalama za basi, werengani kaye za Caversham

Achemwali, funso lanu loti mungapeze bwanji pomwe panali katchalitchi kakale ka kwanuko, kuti gulu lanu likapemphereko, landidzutsira mkwiyo. Musauze gulu lanu kuti mwapeza pomwe panali katchalitchi kanuko musanaone pepala lakale ndi maso anu, chonde.

Ife a kuno ku Reading, ku England, tinkafuna ulendo wokapemphera kwa Amayi Maria a ku Caversham. Kalekale kumeneko kunali katchalitchi ka Maria, malo otchuka zedi. Ankawayang'anira ansembe a ku nyumba ya amonke ya Notley Abbey, msilikali wotchuka William Marshal anamwalirira ku Caversham komweko mu 1219, ndipo mfumukazi Catherine of Aragon inabwera kudzapemphera mu 1532. Mu 1538 John London, wotumidwa ndi Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, anagwetsa zonse. Chiboliboli cha Maria chokutidwa ndi siliva anachikhomera m'bokosi n'kuchitumiza ku London pa bwato. Mpaka lero malo enieni a katchalitchiko sanatsimikizike. Ofufuza ambiri amaloza cha kum'mawa, dera la Dean's Farm.

Ndiye kunabwera bambo wina wodzitcha katswiri wa mbiri yakale, sindimutchula. Anandipempha mapepala onse omwe ndinalemba usiku ndikaweruka kuntchito, akuti angowawerenga. Kenako anawasindikiza pa dzina lake, n'kuchotsa chenjezo langa loti malo sakudziwika, n'kulengeza kuti katchalitchi kanali pa St Anne's Well, pa Priest Hill. Chitsimecho ndi nkhani ina, anachipezanso mu 1906. Katchalitchi ka St Anne nakonso kanali kena, kanali pa mlatho. Iye anangozisakaniza zonse.

Tsikulo kunagwa mvula yozizira ija ya kuno. Azimayi atavala zitenje zawo za mpingo pamwamba pa majekete, ena achokera ku Luton m'mamawa, agogo ena akuyendera ndodo, tinakwera chitunda chonse tikuyimba. Kufika pachitsime, pamphepete pa msewu penipeni, magalimoto akutiwaza madzi, anagwada pasimenti yonyowa n'kuyamba kolona. Tili pakati pa mapemphero, mayi wina wachikulire wa m'deralo, ali ndi galu wake, anayima n'kutiuza mwaulemu kuti pano si pamene panali katchalitchi ka Maria. Onse anatembenukira kwa bamboyo. Mukudziwa anati chiyani? Akuti wofufuza ndi ine, iye anangothandiza kusindikiza! Pamaso pa anthu, ine manja akunjenjemera, agogo aja akulephera kudzuka pomwe anagwada. Ndalama za timabuku take anali atalandira kale, sanabweze ngakhale imodzi. Mpaka pano amandipatsa moni ku Misa ngati palibe chinachitika.

Choncho musakhulupirire za pakamwa, pitani ku zolembedwa. Makalata a anthu a Cromwell ali pa intaneti pa British History Online, aulere, ndipo nthawi zambiri amatchula zomwe analanda. Fufuzani kuti katchalitchi kanuko kanali pansi pa nyumba iti ya amonke, chifukwa zolemba zimatsata eni ake, osati mudzi. Notley ili ku Buckinghamshire, kutali ndi Caversham. Onaninso malire akale: Caversham inali ku Oxfordshire mpaka 1911, ndiye wofufuza za Berkshire zokha, dera lomwe muli Reading, amaphonya zambiri. Makalata a chuma cha masiye (mawilo) a anthu akufa amathandiza kwambiri pa mbiri ya maulendo, monga a Isabel, Countess wa Warwick, amene mu 1439 anasiyira chibolibolicho golide wopangira chisoti.

Komabe musanyoze achikulire a m'deralo. Mayi wa galu uja ndi amene anatilondolera ku tchalitchi cha Our Lady and St Anne, komwe kuli malo atsopano opemphererako kwa Maria, n'kumene tinakamalizira kolona mouma. Afunseni ndithu. Koma mapepala anu musabwereke munthu, ngakhale akhale wa m'komiti.