Ndidikirebe viza ya ntchito kapena ndilole ukwati ndipite pa viza ya banja?

Azakhali,

Ndine namwino wa zaka 29, ndimakhala ndi mayi anga ku Chilomoni. Miyezi 9 yapitayo bambo wina wodzitcha ajenti adati wandipezera ntchito yosamalira okalamba ku UK. Ndidamupatsa K2.8 miliyoni, ina yokongola kubanki mkhonde. Adanditumizira kalata ya ntchito pa WhatsApp, koma mpaka lero ndikamufunsa amangoti mapepala ali ku Home Office, unduna wa boma la UK woona za maviza, ndidekhe. Ndili pachibwenzi cha zaka zitatu ndi mnyamata wa konkuno amene akukhala ku Leeds, mzinda wa ku UK. Wabwerako kawiri. Iye akuti ndileke kudikira, abwera pa Khirisimasi tidzachite chinkhoswe ndi ukwati wa kwa DC, kenaka adzandiitanitsa pa viza ya banja. Malume akuti ndilole. Mayi akuti ndisapite kunja pa dzina la mwamuna. Ndimamukonda, koma sitinakhalepo pafupi kupitirira masabata atatu. Nditani?

Wothedwa nzeru, Chilomoni

Mwanawe,

Ndiyambe ndi chowawa: sindikukhulupirira kuti pali viza imene ukudikira. M'kalata mwako sunatchule zoti udapita ku Lilongwe kukadinditsa zala ndi kujambulitsa. Pempho la viza ya UK limalembedwa pa intaneti m'dzina lako, umalipira, kenaka umakaonekera wekha kuofesi yolandira mapemphowo. Ukatero, yankho la viza ya ntchito limatuluka kawirikawiri m'masabata atatu. Ngati zalazo sudadinde, ku Home Office kulibe amene akuunika za iwe.

Kalata ya pa WhatsApp ija siitsegula khomo. Chimene chimatsegula ndi Certificate of Sponsorship, imene ambiri amangoti CoS. Imeneyi ndi nambala imene olemba ntchito amaitulutsa pa kompyuta ya Home Office, ndipo imasonyeza dzina lako, ntchito yake ndi malipiro ake. Ikatuluka uyenera kupempha viza pasanathe miyezi itatu, apo ayi yafa. Amaipereka ndi okhawo ali ndi chiphaso cholembera anthu akunja, ndipo mayina awo onse ali pa mndandanda umene boma la UK limaika pa gov.uk, woti aliyense atha kuona ulere. Usiku uno fufuza dzina la kampani ili pa kalatayo. Ukalipeza usasangalale msanga, chifukwa akamberembere amaba mayina a makampani enieni. Lembera kampaniyo pa adiresi ya pa webusaiti yawo, osati imene ajenti adakupatsa, ufunse ngati akukudziwa.

Ngakhale atakuyankha bwino, pali mwala wina panjira. Kuyambira pa 22 July 2025, UK idasiya kulandira mapempho atsopano a anthu ochokera kunja ofuna ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, imene amati care worker ndi senior care worker. Munthu amene lero ali ku Blantyre sangapite pa ntchito imeneyo, kaya ajenti alumbire motani. Komanso malamulo awo salola kuti mtengo wa CoS kapena wa chiphaso cha kampani ausenzetse wantchito. Choncho sonkhanitsa mauthenga onse ndi umboni wa ndalama udatumiza, umuuze ajentiyo polemba kuti akupatse nambala ya CoS pasanathe sabata kapena akubwezere ndalama. Akayamba kuzemba, pita kupolisi, kunthambi yoona za chinyengo cha ndalama. Usaonjezerenso khobidi, ngakhale anene kuti kwangotsala kochepa.

Izi sizikutanthauza kuti njira ya ntchito yatsekeka kwa iwe. Ndiwe namwino, ndipo anamwino akulandiridwabe pa Health and Care Worker visa. Koma njira yake imadzera ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku UK. Iwo amaunika ngati maphunziro ako akufika pa mlingo wawo, amafuna chitsimikizo chochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi, mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, ndi ena a manja otchedwa OSCE amene umakalembera komweko. Udziwenso kuti Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, motero zipatala za ku UK ndi maajenti awo saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno. Chololedwa n'choti iwe mwini upemphe ntchito yolengezedwa, mwachindunji. Aliyense woti ndine ajenti wa anamwino a ku Malawi umuyang'ane kawiri.

Tsopano za mnyamata wa ku Leeds. Usanayankhe za chinkhoswe, funso loyamba ndi lakuti iyeyo akukhala ku UK pa mapepala anji. Si aliyense wokhala kumeneko angaitanitse mkazi. Viza ya banja yeniyeni imafuna kuti woitanayo akhale nzika ya Britain kapena Ireland, kapena akhale ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale chija amati ILR, kuphatikizapo magulu ena ochepa monga othawa kwawo ovomerezeka. Ngati iye ali pa viza ya ntchito, iwe ungapite ngati womudalira, ndipo chilolezo chako chimatha tsiku limene chake chatha. Ngati adalowa pa ntchito ya care kuyambira pa 11 March 2024, saloledwa n'komwe kutenga mkazi kapena ana. Ngati ndi wophunzira, kuyambira January 2024 otenga mabanja ndi a maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi ena ochepa othandizidwa ndi boma. Ndipo ngati mapepala ake adatha, palibe chimene angakuchitire. Ndiye mupemphe akuonetse pa vidiyo pasipoti yake kapena chilolezo chake cha pa intaneti. Mwamuna wofunadi banja sakwiya ndi funso limeneli. Akayamba zoti kodi sukundikhulupirira, yankho walipereka kale.

Tinene kuti ali ndi ILR kapena ndi nzika. Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa. Kuyambira pa 11 April 2024 woitanayo ayenera kumalandira £29,000 pachaka msonkho usanachotsedwe. Kale inali £18,600, n'chifukwa chake ena adapita zaka zapitazo amakuuza kuti n'zosavuta. Malipiro ako a kuno sawerengedwa. Ngati ali pa ntchito yolembedwa, njira yosavuta ndi yoti akhale atagwira kwa bwana mmodzi miyezi 6 pa malipiro amenewo, apereke mapayslip a miyezi 6, masitetimenti a kubanki osonyeza ndalama zomwezo zikulowa, ndi kalata ya abwana ake. Zambiri zimalakwika pa tinthu tating'ono: payslip imodzi yasowa, ndalama ya pa payslip yasiyana ndi yolowa kubanki, kapena sitetimenti yomaliza yapitirira masiku 28 pa tsiku lopempha. Ndalama za maganyu olandirira pamanja sizioneka paliponse, ndiye siziwerengedwa. Wopanda malipiro okwana angagwiritse ntchito ndalama zosunga, koma ngati akudalira zimenezo zokha zimafunika £88,500 zokhala m'banki miyezi 6. Ndalama yobwereka kwa mnzake n'kuiika dzulo imaonekera poyera.

Mtengo wake nawo si wamasewera. Mu April 2025 pempho lochokera kunja lidafika pa £1,938, ndipo mitengoyi imakwera, choncho muone pa gov.uk tsiku lolipira. Pamwamba pake pali ndalama ya zaumoyo, £1,035 pachaka, imene pa viza yoyambayi amawerengera zaka zitatu, kukhala £3,105. Zonse pamodzi zadutsa kale £5,000 usanagule tikiti yonyamukira pa Chileka. Akakukana, ya zaumoyo imabwezedwa koma ya pempho imapita. Yankho limatenga pafupifupi masabata 12.

Kumbali yako kukufunika pasipoti yamoyo, satifiketi yosonyeza kuti ulibe TB yochokera kuchipatala chokhacho chimene Home Office idavomereza, ndi mayeso a Chingerezi a mlingo wa A1, olankhula ndi kumva basi. Satifiketi ya TB imagwira ntchito miyezi 6, ndiye usathamangire kuyezetsa mapepala a mwamunayo asanakonzeke. Usanyozere mayeso a Chingereziwo poti udaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale: Malawi sali pa mndandanda wa mayiko okhululukidwa. Digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi ingalowe m'malo mwake ikatsimikizidwa ndi bungwe la Ecctis, koma dipuloma ayi.

Za ukwati, mnyamatayo waganiza bwino ponena za kwa DC. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachikhalidwe, koma wogwira ntchito ku Home Office sadziwa nkhuku ya pachinkhoswe, amafuna satifiketi yolembedwa m'kaundula wa boma. Pamakhala masiku olengeza kaye, choncho mukafunse ku ofesi ya DC kapena kwa Registrar General kuno ku Blantyre miyezi ingapo Khirisimasi isanafike, kuopa kuti tchuthi chake chingathe musanasainirane. Mayina pa satifiketi afanane ndendende ndi a m'pasipoti. Ngati adakwatirapo, kuno kapena uko, pafunika chikalata cha khoti chothetsa ukwatiwo, ndipo iyi ndi ntchito ya malume: atume anthu kwawo kwa mnyamatayo akafufuze ngati kulibe mkazi kapena ana amene sunauzidwe. Sungani umboni wa zaka zitatuzi, monga zidindo za m'pasipoti yake pamene adabwera, zithunzi muli ndi abale, malisiti a ndalama amakutumizira ndi zitsanzo za mauthenga a miyezi yosiyanasiyana. Wina akakuuzani kuti muonjezere zabodza kuti nkhani ikome, mukaneni, chifukwa chinyengo chikagwidwa munthu atha kuletsedwa kulowa UK zaka 10.

Pali viza ina ya otomerana, ya miyezi 6, yoti mukakwatirane komweko. Pa imeneyo suloledwa kugwira ntchito, ndipo mukakwatirana mumalipiranso pempho lina. Kwa inu oti mungathe kumangira ukwati kuno, ndi kuwononga ndalama chabe. Zopita ngati mlendo n'cholinga chokasinthira komweko uziiwale, viza ya alendo sasinthira ku ya banja uli m'dzikomo.

Mayi ako akunena zoona, ngakhale sadawerengepo malamulo a UK. Viza ya banja imayamba ndi miyezi 33, mumaonjezera miyezi 30, ndipo pakatha zaka 5 m'pamene umapempha chilolezo chako chokhazikika. Zaka zonsezo kukhala kwako m'dzikomo kwatsamira pa ukwatiwo. Banja likatha, Home Office iyenera kuuzidwa ndipo chilolezo chako chingadulidwe. Amuna ena amadziwa zimenezi ndipo amaziyesa chikwapu: ukalankhula, ndikubweza kwanu. Ku Leeds kulibe ankhoswe oti uwathamangire usiku, ndipo thandizo la boma la ndalama ndi nyumba sumaloledwa kulandira. Chokhacho udziwe n'choti lamulo lawo lili ndi khomo la mkazi kapena mwamuna wa nzika kapena wa ILR amene banja lake latha chifukwa cha nkhanza: atha kupempha kukhala payekha, ngati ali ndi umboni monga wa kupolisi kapena kuchipatala.

Koma tisanamizane kuti viza ya ntchito ndi ufulu. Nayo imakumanga kwa bwana mmodzi. Kampani ikalandidwa chiphaso kapena ntchito ikatha, umapatsidwa masiku 60 kuti upeze wina wokulemba kapena unyamuke. Pa viza ya banja ungagwire ntchito iliyonse, kusintha abwana mmene ukufunira, ngakhale ntchito ya care imene yatsekedwa kwa ochokera kunja ija, kwinaku ukumaliza za NMC. Ubwino umenewo ndi weniweni. Dziwanso kuti zaka zimene wakhala pa viza ya ntchito siziphatikizidwa ndi za viza ya banja powerengera zaka 5 zija. Ukasintha njira pakati, kuwerenga kumayambiranso, ndiye zoti ichi chakoma ichi chakoma zili ndi mtengo wake.

Maganizo anga ndi awa. Za ajenti uzitseke mwezi uno. Za NMC uziyambe tsopano, chifukwa mayeso a Chingerezi ndi CBT ndi ako kaya ukwatiwe kaya ayi, ndipo mkazi wofika ku Leeds atayamba kale kulembetsa unamwino sakhala wogwidwa pakhosi. Za ukwati uziyese ndi funso limodzi: mnyamatayu akadakhala kuti akukhala ku Machinjiri ndipo amakwera minibasi ngati iwe, ukadalola chinkhoswe Khirisimasi ino? Ngati mtima ukuti inde mosakayika, lola, viza ya banja ndi njira yovomerezeka ndipo palibe chamanyazi. Ngati ukuti mwina, chitani chinkhoswe chokha kapena kungoonekera kwa makolo, ukwati wa kwa DC udikire ulendo wina. Masabata atatu a tchuthi, munthu ali ndi mapaundi m'thumba, sakuonetsa mmene amakhalira lendi ikamuthina.

Asanagule tikiti, mukambirane zinthu zimene anthu amachita nazo manyazi: akukhala m'nyumba yotani ndipo ndi ndani, poti Home Office imafunanso umboni wa malo okwanira okhala, ndalama ya viza ndi mphatso kapena ngongole imene adzakukumbutse mukayambana, ngongole yako ya banki mkhonde abweza ndani, mayi ako uzidzawatumizira zingati. Ankhoswe a mbali zonse amve mayankho amenewa ndi makutu awo. Pempho likamalembedwa, imelo ndi nambala ya foni zikhale zako, mawu achinsinsi a akaunti yako ya pa intaneti ya UKVI, nthambi ya maviza ya Home Office, uwadziwe iwe, pasipoti uzisunga wekha, ndipo ukangofika utsegule akaunti ya kubanki ya dzina lako.

Azakhali