Mwana akufuna ntchito ya padoko pomwe Malawi alibe nyanja yamchere

Mayi wina wa ku Chibavi muno mu Mzuzu wafunsa motere: "Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 3. Wamva kuti madoko akuluakulu amagwirizana ndi mayunivesite pochita kafukufuku wa chitetezo ndi kusintha kwa nyengo, ndipo akuti imeneyo ndiyo ntchito yake. Ine ndikuona ngati maloto a chumba, poti kuno nyanja yamchere kulibe. Ndimuletse?"

Mayi, musamuletse. Mafuta omwe minibasi za ku Luwinga zimayendera, feteleza wa kumunda kwanu, ngakhale kaunjika wa mumsika waukulu, zonsezi zimatsikira padoko: Dar es Salaam, Beira, Nacala kapena Durban. Mathankala omwe amakwera mapiri a Chiweta movutikira aja amakhala atachoka ku Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Doko la eni likatsokomola, ife timadwala. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira n'kudula msewu wotulukira kumeneko. Ku Durban, mu Julaye 2021, akathyali a pa intaneti anasokoneza makompyuta a Transnet, kampani yomwe imayendetsa madoko a ku South Africa, makontena n'kungounjikana, ndipo mu Epulo 2022 madzi osefukira anagumula misewu yolowera padoko lomwelo. Mavuto otere ndi omwe amachititsa oyendetsa madoko kuitana ophunzira ndi akatswiri kuti afufuze limodzi.

Koma apa ndi pomwe mwana wanu ayenera kumvetsetsa. Pa kafukufuku wotere sipakhala munthu mmodzi wodziwa zonse. Injiniya amawerengera ngati khoma la padoko lingapirire mafunde akakula. Wa zanyengo amaunika mphepo ndi mvula za zaka zambiri kuti anene zomwe zikubwera. Wa makompyuta amateteza dongosolo lomwe limasunga kuti kontena iti ndi ya ndani. Wa zachitetezo amalondola njira za ozembetsa anthu, mankhwala ozunguza bongo ndi minyanga ya njovu. Aliyense amafika ndi luso lake lakupsa, doko n'kungokhala pokumanira. Choncho asataye nthawi kusakasaka kosi yolembedwa kuti ya zamadoko. Asankhe luso limodzi n'kulidziwa bwinobwino.

Zambiri mwa izi zili pakhomo pomwe. Ku Mzuni kuno kuli maphunziro a zachitetezo, a usodzi ndi zamoyo za m'madzi, a kasamalidwe ka madzi, komanso a makompyuta. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya zanyengo ndi ya kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Uinjiniya wa zomangamanga ndi maphunziro a kayendetsedwe ka katundu akazipeza ku MUBAS ku Blantyre. Ngati mtima wake uli pa sitima penipeni, kuyendetsa kapena kukonza injini, ku Monkey Bay kuli sukulu ya boma yophunzitsa ntchito za panyanja.

Kunena mosapsatira, ine ndikadamukankhira ku uinjiniya, zanyengo kapena makompyuta. Ntchito za kafukufuku wa padoko ndi zochepa, ndipo zambiri zimafuna digiri yachiwiri. Wophunzira zimenezi akalephera kufika padoko sakhala pansi: aku nthambi ya zanyengo, aku DoDMA (nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), a misewu, a mabungwe a madzi, onsewo amamufuna. Chitetezo ndi phunziro labwino, kungoti ambiri olowamo amakhala ali kale ku usilikali, kupolisi kapena koona za olowa ndi otuluka, ndiye mwana wongochoka kusekondale amapikisana ndi anthu omwe ali kale ndi mpando.

Tsono poti ali mu Fomu 3, nkhani yagona pa masamu. Apeze makirediti abwino pa MSCE m'masamu, fizikisi, kemisitiri, jogalafe ndi Chingerezi. Ana ambiri amakonda kukamba za kusintha kwa nyengo pa makalabu a kusukulu, koma akaona magirafu ndi manambala amathawa. Kafukufuku weniweni ndi manambala omwewo, tsiku ndi tsiku.

Za kunja zibwera pambuyo. Ku Tanzania kuli Dar es Salaam Maritime Institute, ndipo ku Malmö m'dziko la Sweden kuli World Maritime University, yomwe IMO, bungwe la United Nations loona za maulendo a panyanja, linakhazikitsa mu 1983. Iyi imatenga anthu omwe ali kale ndi digiri, makamaka ogwira ntchito m'nthambi za boma zoona za pamadzi. Ndikadamulangizanso kuphunzirako Chiswahili kapena Chipwitikizi, chifukwa Mmalawi wogwira ntchito ya madoko amathera ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. Musagulitse munda kulipira munthu wa pa Facebook yemwe akulonjeza malo a sukulu kapena ntchito ya pasitima kunja. Funsani kaye ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka.

Patchuthi chikubwerachi mumutengere ku Nkhata Bay tsiku lomwe Ilala ikufika. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Akaone mmene matumba a usipa ndi chimanga amakwezedwera, afunse asodzi kuti mwera ukayamba amadziwa bwanji, ndipo chenjezo la a zanyengo limawafika nthawi yanji. Aonenso pomwe madzi anafika mu 2024, nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Atenge kope, alembe zomwe wamva, akaonetse aphunzitsi ake a jogalafe sukulu ikatsegulidwa.