Kulanda foni m'kalasi n'kololedwa, kuitsegula ndi nkhani ina

Mayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamkazi wa zaka 15 anaiwala kuzimitsa foni, ndipo inalira m'thumba phunziro la masamu lili mkati. Aphunzitsi anamulanda, iye osakana. Pa nthawi yopuma anamuitanira ku ofesi n'kumuuza kuti aitsegule, apo ayi nkhani ipita kwa ahedi. Mwanayo anaitsegula misozi ili mbwembwembwe. Aphunzitsiwo anawerenga macheza ake a pa WhatsApp mpaka kupeza uthenga umene anawanyozamo pocheza ndi mnzake. M'mawa mwake anabwera ndi kapepala konena kuti waimitsidwa sukulu masabata awiri, foni ikhala ku ofesi mpaka teremu ithe, ndipo pokaitenga mudzalipire chindapusa. Mukufunsa ngati mungapite kupolisi kukanena kuti aphunzitsi aba foni.

Ndiyambe ndi zimene mwina simukufuna kumva. Polanda foniyo aphunzitsi sanalakwe. Mwana akalowa pachipata cha sukulu, lamulo limabwereka mphunzitsi gawo la mphamvu zanu monga kholo, kuti asungitse mwambo ndi kuti phunziro liyende. Foni imodzi ikalira, mitu yonse imatembenuka, ndipo wotaya nthawi si mwana wanu yekha. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma pa mfundo imeneyi ambiri akulowera kumodzi. Ku France, lamulo la 2018 linaletsa ana kugwiritsa ntchito foni m'sukulu za pulayimale ndi za sekondale yoyambirira, ndipo linanena poyera kuti wophwanya akhoza kulandidwa foniyo. Ku Netherlands foni zinachotsedwa m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024. Bungwe la UNESCO nalo, mu lipoti lake la 2023, linalangiza kuti zipangizo zotere zizilowa m'kalasi pokhapokha ngati zikuthandiza kuphunzira. Choncho mukakafika kusukulu musakayambe ndi mawu akuti "ndani anakupatsani mphamvu zogwira foni ya mwana wanga?" Pamenepo mudzagonja, ndipo mfundo zanu zamphamvu zidzamira limodzi ndi yofookayo.

Za kupolisi nazo zisiyeni. Kuba, mwalamulo, ndi kutenga chinthu cha wina mwachinyengo ndi cholinga chomulanda kotheratu. Mphunzitsi amene watenga foni pamaso pa kalasi yonse n'kukaisiya ku ofesi, akunena ndi tsiku lodzabweza, sanabe. Apolisi adzakubwezerani kusukulu komweko, ndipo mudzakhala mwangoipitsa ubale ndi anthu amene mwana wanu adzakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa zimene zinachitika ku ofesi kuja.

Foni ya masiku ano si chikwama cha mabuku. Muli makalata a mwana, zithunzi zake, zimene amakambirana ndi inu, ndi za ana a anthu ena amene sanalakwire sukulu kanthu. Pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana, la chaka cha 1989, limene pafupifupi maiko onse anavomereza, limati m'gawo 16 mwana asalowereredwe mwachisawawa pa zinsinsi zake kapena makalata ake. Gawo 28 la pangano lomwelo limati mwambo wa pasukulu usungitsidwe mosachotsa ulemu wa mwana monga munthu. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana, la 1990, limatetezanso zinsinsi za mwana m'gawo 10, ndipo amene limawatchula kuti ali ndi ufulu woyang'anira khalidwe la mwanayo moyenera ndi makolo kapena omulera. Ndiye ngati aphunzitsi anali ndi nkhawa ndi zomwe zili m'foni, njira yowongoka inali kukuitanani inuyo.

Sindikunena kuti sukulu singafufuze katundu wa mwana ngakhale pang'ono. Ingathe, koma pakhale chifukwa. Mlandu umene maloya ambiri amautchula pa nkhaniyi ndi wa New Jersey v. T.L.O., umene khoti lalikulu la ku United States linagamula mu 1985. Mtsikana wa zaka 14 anagwidwa akusuta fodya m'chimbudzi cha pasukulu. Atakana, wachiwiri kwa ahedi anatsegula kachikwama kake n'kupezamo ndudu, kenako chamba. Khoti linati kufufuzako kunali kovomerezeka, koma linaika miyeso iwiri. Pakhale chifukwa chomveka chokayikira kuti m'katundumo muli umboni wa mlandu umene mwana akuganiziridwa, ndipo kufufuzako kusapitirire malire a mlanduwo. Tiyese nkhani ya mwana wanu pa miyeso imeneyi. Mlandu wake unali wakuti foni inalira m'kalasi. Umboni wake unali m'makutu mwa aliyense, ndipo foniyo inali kale m'manja mwa aphunzitsi. M'macheza a WhatsApp ankafunamo chiyani? Palibe chimene akanapezamo chowonjezera pa mlandu wa kulira kwa foni. Kumeneko kunali kungosanthula kuti mwina apeza kena kake. Khoti lomwelo mu 2014, pa mlandu wa Riley v. California, linati ngakhale apolisi amene amanga munthu ayambe apeza chilolezo cha khoti asanasanthule foni yake. Ngakhale ku England, kumene lamulo limapatsa aphunzitsi mphamvu zambiri zoyang'ana zimene zili m'foni yolandidwa, limafunabe kuti pakhale chifukwa chabwino.

Zikanakhala zina mwana akanagwidwa akuyang'ana foni m'chipinda cha mayeso, kapena mnzake akanadandaula kuti akulandira mauthenga omuopseza kuchokera pa nambala yake. Pamenepo chifukwa chilipo, ngakhale kuti chanzeru n'kuitana kholo ndi mboni foni isanatsegulidwe, ndi kuyang'ana chokhacho chimene chikukhudza dandaulolo. Aphunzitsi amene angawerenge yankho ili ndiwachenjeze pa chinthu chimodzi: mukaganizira kuti m'foni ya mwana muli zithunzi zamaliseche za mwana, musazitsegule, musazitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa ahedi. Zimitsani foniyo, isungeni pokhoma, nkhaniyo ipite kwa apolisi ndi oteteza ana. Kusunga kapena kutumiza zithunzi zotero ndi mlandu waukulu, ndipo ungakugwereni inu amene mumafuna kuthandiza.

Sukulu idzakuuzani kuti mwanayo anatsegula yekha. Musavomere msanga. Chilolezo chimene lamulo limachilemekeza ndi choperekedwa mwaufulu. Mwana wa zaka 15, ali yekha mu ofesi, atazingidwa ndi akuluakulu, atauzidwa kuti akakana zinthu zimuipira, sanapereke chilolezo, wangomvera lamulo la womuposa mphamvu. Mufunseni modekha kuti munali ndani mu ofesimo, ananena mawu otani, foniyo anaigwira ndani ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Alembe yekha papepala lero lomwe, ndi tsiku ndi nthawi, zinthu zisanayambe kusokonekera m'mutu.

Tsopano za kuimitsidwa sukulu. Apa ndi pamene mtima wanga wawawa kwambiri, chifukwa masabata awiri kwa mwana wa sekondale ndi maphunziro ambiri, ndipo chilangocho chinaperekedwa popanda womufunsa mbali yake. Pali mfundo ziwiri zakale za chilungamo zimene makhoti amazitsatira pa chigamulo chilichonse chokhudza munthu, kaya ndi kuntchito kaya kusukulu. Yoyamba, munthu asaweruzidwe asanamvedwe. Yachiwiri, munthu asakhale woweruza pa mlandu umene iye mwini ndi wodandaula. Gawo 12 la pangano la 1989 lija limapatsa mwana ufulu womvedwa pa chigamulo chilichonse chomukhudza. Ku United States, pa mlandu wa Goss v. Lopez mu 1975, khoti linati ngakhale poimitsa mwana masiku khumi kapena ochepera, auzidwe mlandu wake, auzidwe umboni ngati akukana, ndipo apatsidwe mpata wofotokoza. Kapepala kongotumizidwa kunyumba chigamulo chitapangidwa kale sikakwaniritsa zimenezi. Ndipo ngati aphunzitsi onyozedwawo ndiwo anasankha chilango, kapena anakhala nawo pa komiti yosungitsa mwambo imene inagamula, mfundo yachiwiri ija yaphwanyidwa. Iwo malo awo ndi a mboni.

Mawu amene mwana wanu analemba sindikuwaikira kumbuyo, ndipo inunso musatero. Koma analembera mnzake mmodzi, sanawaike pagulu, sanaopseze munthu. Chilango chiyenera kulingana ndi kulakwa. Kukhala pansi ndi mwana, kumuuza apepese, kukuitanani inu, zonsezi zinalipo asanafike pomuchotsa m'kalasi.

Za kusunga foni teremu yonse ndi za chindapusa, yankho lili m'malamulo olembedwa a sukuluyo, aja munasainira polembetsa mwana. Apezeni. Lamulo la ku France lija limanena kuti malamulo a sukulu afotokoze momwe foni ilandidwire ndi momwe ibwezedwere, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira kulikonse, chifukwa chilango chimene mwana ndi kholo sanauzidwe pasadakhale n'chovuta kuchiteteza. Ngati malamulowo akunena za teremu yonse ndipo munasaina, pamenepo mukapemphe, osati kulamula, makamaka ngati mwanayo amayenda mtunda wautali ndipo foniyo ndi imene mumalumikizirana. Ngati sakutchula chindapusa, musalipire. Ngati akutchula, lipirani ku ofesi ya sukulu ndipo mulandire lisiti. Ndalama yopatsira munthu m'manja popanda lisiti ayi. Dziwaninso kuti foniyo ikadali yanu. Sukulu ili ndi udindo woisamala, ndipo ikatayika kapena kusweka chifukwa cha kusasamala mungathe kufuna kuti akulipireni. Yang'anani pa bokosi limene munagulira foniyo, pali nambala yozindikiritsa foniyo, yotchedwa IMEI, ya manambala 15. Ilembeni m'kalata yanu pamodzi ndi mtundu wa foniyo, kuti pasadzakhale mkangano pa tsiku lobweza.

Kalatayo lemberani ahedi mawa, musadikire kuti masabata awiriwo athe. Ikhale yaifupi ndi yaulemu. Vomerezani kuti mwana analakwa polowa ndi foni yoyatsa m'kalasi. Kenako pemphani kuti akupatseni zifukwa za kuimitsidwako molemba, akuonetseni lamulo la sukulu limene agwiritsa ntchito, aitanitse msonkhano umene mwana adzafotokoze mbali yake inu mulipo, ndipo pomwe mukudikira msonkhanowo abwerere m'kalasi. Nenani momveka kuti simunapereke chilolezo chotsegula foni, ndipo funsani ngati pali amene anajambula kapena kutumiza mauthengawo kwina. Ngati alipo, afufutidwe. Pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo.

Ahedi akakana kapena akangokhala chete, pitani ku bungwe loyang'anira sukuluyo, kenako ku ofesi ya boma yoona za maphunziro m'dera lanu, mutanyamula kope yodindidwa ija. Maiko ambiri alinso ndi ofesi ya Ombudsman kapena bungwe loona za ufulu wa anthu, kumene dandaulo lotere limalandiridwa osafuna loya. Khoti ndi lomalizira. Ngati sukuluyo ndi ya boma, khoti lingapemphedwe kuunikanso chigamulocho, ndipo chimene limayang'ana kwambiri ndi njira imene inatsatidwa, osati ngati mwanayo ndi wamwano kapena ayi. Nthawi yokasuma mlandu wotere imakhala yochepa, m'maiko ambiri miyezi itatu yokha, choncho musagone nayo nkhani. Ngati sukuluyo si ya boma, mlandu umatsamira pa mgwirizano umene munasaina, komabe sukulu imayenera kutsatira malamulo ake omwe ndi kulemekeza ufulu wa mwana.

Kunena zoona, nkhani zambiri zotere zimathera mu ofesi ya ahedi, kholo likafika ndi kalata yomveka ndi mtima wodekha. Musanapite, khalani pansi ndi mwana wanu. Mumuuze kuti pa msonkhanowo adzapepese pa ziwiri zimene analakwa, kulira kwa foni ndi mawu aja, ndipo za kutsegulidwa kwa foni ndi za masabata awiriwo mudzalankhula ndinu. Mupemphenso mnzake wa m'kalasi azimubwereka makope madzulo aliwonse kuti asatsalire. Sukulu ikakuyankhani molemba, nditumizireni yankholo pamodzi ndi malamulo a sukuluwo, tidzaone ngati pakufunika kupita patsogolo.

Ine wanu,
Loya