Ulimba wathu tikuumva m'malonda a kampani yakunja, tingaisumire?

Funso la sabata ino labwera pa imelo kuchokera ku Bangula. Mnyamata wina amene amaimba ulimba ndi anzake akuti chaka chatha kunafika mlendo ndi makina ojambulira. Anawajambula pansi pa mlambe, n'kuwapatsa kangachepe, kenako anawasayinitsa chipepala cha Chingerezi osawasiyira kope lake. Pano nyimbo yawo akuimva pa YouTube, m'kanema wotsatsa malonda wa kampani ina yaikulu yakunja. Iye akufunsa ngati angathe kuitengera kampaniyo kukhoti.

Achimwene, poyambira lamulo lili mbali yanu. Nyimbo imene mwapeka ndi yanu popanda kukailembetsa kwina kulikonse, ndipo popeza dziko la Malawi linalowa m'pangano la Berne, lomwe maiko amatetezerana umwini wa zaluso, mu 1991, umwini wanuwo umadziwika ngakhale kunja. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chipepala chija.

Mu 1939 woimba wa ku South Africa, Solomon Linda, anajambulitsa nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo ku Johannesburg, anamupatsa mashilingi 10 okha. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasanduka The Lion Sleeps Tonight, mpaka inalowa mu filimu ya Disney ya The Lion King mu 1994. Mwini wake anali atamwalira kale mu 1962 ali wosauka, ndipo mwala wa pamanda ake unachita kudzaikidwa patapita zaka zambiri. Banja lake linasumira Disney mu 2004, nkhani inatha mu 2006 pomvana kunja kwa khoti ndi kampani ya Abilene Music, yomwe inaloleza Disney kugwiritsa ntchito nyimboyo. Chinawathandiza ndi lamulo lakale la Britain la 1911, lomwe linkabweza umwini kwa ana pakatha zaka 25 wopeka atamwalira. Ana ake anapezako chilungamo, inde, koma bambo awo sanalaweko thukuta lawo. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira.

Mudziwenso kuti khoti lakunja limadya ndalama. Mu 2022 woimba wina wosatchuka kwenikweni, Sami Chokri, analimbana ndi Ed Sheeran ku London pa nyimbo ya Shape of You. Woweruza anapeza kuti Sheeran sanabe, ndipo mbali ya Chokri inalamulidwa kulipira ndalama zoyendetsera mlandu zoposa mapaundi 900,000. Wanu ukusiyana ndi umenewo, chifukwa inu simukunena kuti nyimbo zikufanana chabe, koma kuti akugwiritsa ntchito kuimba kwanu kwenikweni. Umboni wake ndi wosavuta. Mkangano wonse udzakhala pa zimene munasayinira: kodi munalola kujambulidwa kokha, kapena munagulitsa zonse?

Palinso funso limene muyenera kuyankha moona mtima. Nyimboyo munapeka nokha, kapena ndi ija agogo athu a Chisena ndi Chimang'anja akhala akuimba kumaliro ndi kumaukwati? Ngati ndi yamakolo, lamulo lathu limati zoterozo boma ndi limene limazisunga m'malo mwa Amalawi onse, choncho simungaitche yanu. Komabe manja amene anamenya ulimba tsiku lija ndi anu, ndipo lamulo lathu la umwini wa zaluso la 2016 limatetezanso woimba pa zimene wajambulidwa.

Ndiye musathamangire kukhoti. Yambani mwamufunafuna mlendo uja, mumulembere kuti akutumizireni kope la chipepalacho. Sungani mauthenga onse a pa WhatsApp, makanema akale a pafoni osonyeza kuti munkaimba nyimboyi iye asanabwere, ndi maina a anthu amene analipo, makamaka ngati anadzera kwa amfumu. Kanema wa malondayo mumusungenso, chifukwa akhoza kumuchotsa akangomva kuti mwadzuka. Zonsezi mupite nazo ku COSOMA ku Lilongwe, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira umwini wa zaluso kuyambira 1992, ndipo ngati simunalembetse ngati mamembala, lembetsani gulu lonse. Makampani akuluakulu sakonda kutchulidwa kuti abera anthu akumudzi, motero kalata yomveka bwino ya loya imatha kuwabweretsa pa zokambirana mlandu usanafike kwa woweruza.

Akabwera ndi ndalama ndi chipepala china, musasayine tsiku lomwelo. Chitengeni, munthu wodziwa malamulo akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chisena, ndipo muonetsetse kuti mwalembedwa maina anu, nthawi imene adzagwiritse ntchito nyimboyo, ndi gawo lanu pa ndalama zimene ikubweretsa. Kope lija likapezeka, mundilemberenso zimene likunena.