Nkhanga za ku Kaning'ina: ndi zakutchire kapena zothawa pakhomo?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Masasa kuno ku Mzuzu ndipo ndili ndi kamunda chakufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina. Chaka chino ndakhala ndikuona kagulu ka nkhanga m'mamawa, ndiye nditatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa achimwene anga omwe ali ku England anandiyankha kuti zimenezo ndi za munthu basi, akuti kumeneko kuli mbalame zotchedwa pheasant zimangoti mbwee m'misewu koma zonse ndi zoweta amachita kukazisiya kutchire. Kodi ndi zoona? Nanga zangazi ndingazidziwe bwanji?
Wowerenga, Masasa

YANKHO: Zikomo bambo. Achimwene anuwo sananame koma aphatikiza nkhani ziwiri zosiyana.

Pheasant, mbalame yangati nkhwali koma ya mchira wautali, si ya kwathu kuno, komanso ku England komweko inachita kubwera, kwawo kwenikweni ndi ku Asia. Ku Britain chaka chilichonse amaweta mamiliyoni ambirimbiri m'makola nkuzimasula cha mu Julayi mpaka Seputembala kuti alenje olipira ndalama adzaziombere nyengo yosaka ikatsegulidwa pa 1 Okutobala. Nchifukwa chake zimadzadza m'misewu, sizidziwa galimoto, sizidziwa nkhandwe, ndipo zambiri sizifika chaka chinacho. Koma kunena kuti zonse ndi zoweta ayi. Ku America anabwera nazo kuchokera ku China mu 1881 nkuzisiya m'chigawo cha Oregon, zinaswana zokha, ndipo lero m'chigawo cha South Dakota ndi mbalame yoimira chigawocho. Pomwe pali udzu wobisalamo ndi chakudya zimaberekana popanda munthu.

Tsopano tibwere kwathu. Kuno kulibe chizolowezi choweta nkhanga nkukazitaya kutchire kuti anthu azisaka, ndiye ngati zanuzo zili za pakhomo ndiye kuti zangosochera kapena zimabwera kudzadya nkubwerera. Zimachitika ndithu, pajatu nkhanga ngakhale mutaiswetsa ndi thadzi la nkhuku mtima wake umakhalabe wakutchire, imakaikira kutali ndi khola.

Yang'anani kaye nthenga. Zakutchire zonse zimafanana, zakuda ndi timawanga toyera thupi lonse. Mukaona ina ili ndi chigamba choyera pachifuwa kapena nthenga zoyera m'mapiko, kapena yotuwa mbuu, imeneyo ili ndi magazi a pakhomo. Miyendo nayo imaulula, zakutchire imakhala yakuda pomwe zoweta zambiri imakhala yofiirira. Timinofu tolendewera m'masaya tija, kwa nkhanga zathu zakutchire timakhala tabuluu nkufiira kunsonga kokha, pomwe zoweta zambiri timakhala tofiira komanso totambalala chifukwa mtundu wake unachokera kuzambwe kwa Africa. Amene anafikako ku nkhalango yosungirako nyama ya Vwaza Marsh anaziona zenizenizo, zowonda bwino, zothamanga, kanyanga ka pamutu kataliko.

Kenako khalidwe. Yesani kuyandikira. Yakutchire sikulolani, mukadali patali yayamba kale phokoso nkuthamangira m'udzu, ndipo madzulo gulu lonse limakwera mumtengo wautali kukagona. Ngati zikukudikirani kuti mwina muwaza chimanga, kapena dzuwa likamalowa zikulunjika kunyumba za anthu, mwayankhidwa kale.

Koma umboni womwe ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi anapiye. Nkhanga imaswa nthawi ya mvula, chisa chake ndi kadzenje pansi m'udzu, imakhalira mazira masiku 26 mpaka 28, ndiye mukaona zazikulu ziwiri zikuyenda ndi tiana m'mbali mwa munda miyezi ya dzinja, ndipo chaka chamawa mwaonanso chimodzimodzi, dziwani kuti gululo likudziberekera lokha pamalopo. Kuona zazikulu zokhazokha sikukuuzani zambiri. Ndi momwenso amachitira anzathu a pheasant aja, amawerenga mathadzi omwe ali ndi ana osati mbalame zongodutsa pamsewu.

Ndipo apa mpomwe mtima wanga umawawa. Nkhanga zikuchepa kuzungulira Mzuzu osati chifukwa palibe wozimasula koma chifukwa tikuzilanda pobisala. Tchire likutha ndi makala, agalu akuyenda okha, misampha ili ponseponse, moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ukupsereza zonse, ndipo munthu akapeza chisa amakokolola mazira onse kukaika kwa nkhuku. Akuluakulu ankati nkhanga zinapangana kusanapse, koma zipangana bwanji tchire lonse likupsa tsiku limodzi? Kutayako zoweta kutchire sikungathandize, zimangodyedwa, ndipo zotsalazo zikakwerana ndi zakutchire zimasokoneza mtundu.

Ndiye bambo, siyani kamzere ka udzu wosalima kumalire a munda wanu chakunkhalangoko, lambulani mozungulira moto usanayambe, ndipo mukapeza chisa musachigwire komanso musauze anyamata a malegeni. Mvula ikagwa mudzatilemberenso ngati mwaona anapiye, ndipo mudzayesetse kujambula chithunzi chooneka miyendo ndi kumutu.