Ulendo wa tsiku limodzi kunja ndi mwana, pitani ku Chipata

Achemwali, mwafunsa komwe mungapite kunja kwa dziko inu, bambo a kunyumba ndi mwana wa zaka zitatu, kunyamuka m'mawa kuno ku Lilongwe n'kudzagona kunyumba tsiku lomwelo. Ine ndikuti ku Chipata basi. Ena akuuzani za ku Ulongwe kudzera pa Dedza, ndipo n'zoona kuti anthu kumeneko amayankhula Chichewa ngati ife, koma mapepala ndi a Chipwitikizi, ndalama ndi metical. Ulendo woyamba muli ndi mwana kumbuyo, zimenezo muzisiye kaye.

Msewu ndi wa M12, kudutsa Msundwe, Namitete, Kamwendo mpaka pa boma la Mchinji, makilomita pafupifupi 110. Malire ali patsogolo pang'ono, ndipo kuchoka pamenepo kufika m'tauni ya Chipata sipatha ola. Kuyambira mu 2022 pa malire a Mwami maofesi a mayiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi, ndiye zidindo zonse mumadinditsa malo amodzi. Amalawife sitifunika viza.

Chofunika kwambiri ndi mapepala a mwana. Akhale ndi pasipoti yakeyake, osadalira yanu. Ikaninso m'chikwama satifiketi yake yakubadwa ndi kabuku ka kusikelo. Bambowo akalephera kupita pa tsikulo, akulembereni kalata yovomera kuti mwatuluka naye mwana, musakavutike kufotokoza pa kauntala.

Tsono nkhani ya galimoto. Ife ulendo woyamba tinalowa ndi yathu. Pamafunika blue book, kalata ya apolisi yosonyeza kuti galimoto si yakuba, inshuwalansi ya COMESA imene amati yellow card, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, kuphatikizapo carbon tax ya ku Zambia. Pepala limodzi tinalibe. Amuna anga ankangoyenda uku ndi uku, ine ndili pa benchi ndi mwana, phala la mu flask lazizira, iye walira mpaka kugona pachifuwa thukuta lili kamukamu. Tinakalowa m'Chipata dzuwa lili paliwombo, chisangalalo chonse chitathera pa malire. Ulendo wachiwiri tinasiya galimoto kwa achibale pa Mchinji n'kukwera mataxi mbali zonse ziwiri. Kwa tsiku limodzi, imeneyi ndiye nzeru. Vuto lake n'lakuti amadzazamo anthu, ndiye lipirani malo ena owonjezera kuti mwana apume.

Ndalama sinthani ku banki kapena ku bureau, ndipo poti forex ikuvuta masiku ano yambani kufunsa sabata isanafike. Pa malire anyamata osintha ndalama adzakuzungulirani, aliyense mpukutu m'manja. Kwacha ya ku Zambia ndi ina, musamve dzina lofanana n'kutaya mutu powerengera.

Mukafika, yambani ndi msika wa Kapata kukadali kozizirirako, mukasankhe zitenje. Amayi ogulitsa akangomva kayankhulidwe kanu adzadziwa kuti ndinu a ku Malawi, ndiye nenererani mtengo mosachita manyazi. Kenako idyani nkhomaliro, lowani mu Shoprite mwana apeze yogati ndi mphepo yozizira. Wanga chomwe amakumbukira mpaka lero ndi kukwera mu trolley, osati Zambia.

Wina akakunyengererani zokaona nyama ku South Luangwa, kanani. Mfuwe, polowera kumeneko, ili makilomita oposa 100 kuchokera ku Chipata, umenewo ndi ulendo wogona. Pewaninso Loweruka lomaliza la February, nthawi ya Nc'wala ya Angoni a Mpezeni ku Mtenguleni, anthu amachuluka kwambiri pa malire ndi m'tauni momwe.

Nyamukani 5 koloko m'mawa, ndipo ikamakwana 3 koloko masana mukhale mwayamba kubwerera. M12 kukada imadzaza ndi akabaza ndi ngolo zopanda magetsi, makamaka pa Namitete ndi Msundwe.