Mafunso Anu: Kuyenda ndi galu m'mbali mwa damu ndi nyanja

*Zikomo alangizi. Ndili ndi galu wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu ngati 20, ndipo amangokhala mumpanda. Ndikufuna ndizipita naye kokayenda kumene kuli madzi ndi mitengo. Ndiyambire kuti? — Bambo wa ku Matawale, Zomba*

Bambo, malo muli nawo pakhomo. Kwerani phiri la Zomba mukayambire pa damu la Mulunguzi. Pamwambapo pamakhala pozizira kuposa mumzinda chifukwa malo ambiri ndi okwera mamita oposa 1,400, ndipo kuzizirako n'kumene galu wosazolowera ulendo amafuna. Kuchoka pa damu pali tinjira totsata mtsinje wa Mulunguzi kudutsa pa mathithi a Mandala mpaka ku mathithi a Williams, ndipo mbali yaikulu ya njirayo ili mumthunzi.

Koma musamutengere ulendo wautali tsiku loyamba. Galu wamumpanda amakhala ndi mapazi ofewa, ndipo miyala imamusupula msanga. Kwa milungu iwiri kapena itatu muziyenda naye makilomita awiri kapena atatu kufupi ndi kwanu, kenako muziwonjezera kilomita imodzi mlungu uliwonse. Akayamba kutsalira m'mbuyo kapena kugona pansi pamthunzi uliwonse, ndiye kuti ulendo wakwana, bwererani.

Pali zinthu ziwiri zoti musaiwale kuphiriko. Madzi a damu la Mulunguzi ndi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa, choncho galu asasambiremo, ndipo chimbudzi chake muzichiwola m'jumbo n'kukachitaya kutali ndi madzi. Chachiwiri ndi anyani. Galu akawona gulu la anyani amafuna kulithamangitsa, koma nyani wamphongo ali ndi mano aatali kuposa a galu wanu ndipo amang'amba pamimba. N'chifukwa chake chingwe chisachoke m'manja. Chikhale cha mamita awiri, cholimba, ndipo lamba wa m'khosi amangidwe moti zala ziwiri zokha n'zimene zingalowe pansi pake. Akakhwepa kuposa pamenepo, galu wodzidzimuka amabwerera chambuyo n'kuvula mutu. Ngati mudzafike ku Chingwe's Hole, mufupikitse chingwecho, chifukwa dzenjelo ndi lakuya kwambiri. Ndipo m'miyezi ya June ndi July chiperoni chimatha kuphimba phiri m'kanthawi kochepa, galu womasulidwa n'kusowa mukumumva akuuwa.

*Tikupita kunyanja ku Mangochi mwezi wa October ndi ana komanso galu wathu. Kodi tingamusiye azithamanga pamchenga ndi kusambira? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Mayi, funso lanu lili ndi nkhani zingapo, ndipo yaikulu si madzi ayi koma dzuwa. Galu satuluka thukuta ngati munthu. Amadziziziritsa potulutsa lilime n'kumapuma mwawefuwefu. Mu October kunyanja kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo pamenepo kupuma kokhako sikukwanira. Thupi la galu limayenera kukhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Likadutsa 41, ubongo ndi impso zimayamba kuwonongeka. Muziyenda naye kusanafike 8 koloko m'mawa kapena dzuwa litapendeka cha m'ma 5 koloko. Musanayambe, ikani kuseri kwa dzanja lanu pamchenga n'kuwerenga mpaka 7. Mukalephera kupirira, mapazi ake apsa.

Zizindikiro zoti watenthedwa ndi izi: dovu lonanda, nkhama zofiira kwambiri, kudzandira ngati woledzera, kusanza. Mukaziwona, musayambe mwathamangira galimoto. Muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse makamaka pamimba ndi m'mphechepeche, mumukupize, kenako mupite naye kwa dokotala wa ziweto mawindo ali otsekula. Musamufunditse nsalu yonyowa, chifukwa imatsekera kutentha m'thupi. Agalu a mphuno zazifupi, onenepa, okalamba ndi aubweya wambiri ndiwo amagwa msanga. Galu wachikuda amapirirako, koma nayenso amafa akasiyidwa m'galimoto yotseka.

Madzi akumwa mutenge anu. Galu amafuna mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku ngakhale asanayende, ndiye wa makilogalamu 20 amamwa lita imodzi ndi pang'ono. Pa ulendo wa maola awiri onjezerani lita ina, ndipo muzimupatsa pang'onopang'ono mphindi 20 kapena 30 zilizonse m'kambale. Asamwe m'zithaphwi zobiriwira ndi ndere, chifukwa ndere zina zili ndi poizoni wowononga chiwindi.

Tsono za kusambira. Ng'ona imakonda galu, ndipo kuphiriphitha kwake m'madzi kumaiitana. Pewani pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, pamabango, ndi chigawo chonse chimene Shire akutulukira kulowera ku Malombe. Pewaninso mbandakucha ndi chisisira m'mphepete mwenimweni mwa madzi, nthawi imene mvuu zimatuluka kapena kubwerera kuchokera kodya. Funsani asodzi a padoko limenelo. Iwo amadziwa pamene ng'ona yawonekera mlungu uno, zomwe mlendo sangadziwe pongoyang'ana madzi. Ndipo galu akalowa pamalo okayikitsa, mwana asamulondole. Madzi odikha okhala ndi udzu ndiwo amasunga nkhono za likodzo, ndipo amene amadwala ndi mwanayo.

Mudziwenso kuti m'malo osungirako nyama zakutchire agalu saloledwa. Izi zikukhudza Liwonde komanso Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980. Malo ogona alendonso ali ndi malamulo awoawo, choncho imbani foni musananyamuke.

*Galu wanga ndi wofatsa, saluma. N'chifukwa chiyani anthu a m'midzi ya kunyanja amakwiya ndikamumasula? — Mnyamata wa ku Salima*

Achimwene, kufatsako mukukudziwa ndinu nokha. Mayi amene akutsuka mbale padoko akungowona galu wachilendo akuthamangira kumene kuli mwana wake. Gombe limene inu mukuliwona ngati poyendera, kwa eni ake ndi pantchito: pali usipa woyanikidwa pathandala, maukonde oyalidwa pamchenga, mbuzi, nkhuku ndi abakha. Galu akapha nkhuku imodzi, nkhaniyo ikathera kwa amfumu ndipo mudzalipira, ndiye n'zoyenera kutero.

Kumbukiraninso kuti ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi kuli Asilamu ambiri, ndipo kwa ambiri a iwo malovu a galu amadetsa chovala ndi chiwiya. Mukamadutsa pafupi ndi mzikiti, pachitsime kapena pochapira, galu akhale pambali pa mwendo wanu. Kumanda musalowe naye n'komwe, ngakhale kamsitu kake kakuwoneka kamthunzi wabwino.

Chingwe chimatetezanso galuyo. Pamchenga pamakhala mbedza zotayidwa zili ndi nyambo. Akameza, musakoke ulusi umene ukulendewera kukamwa, chifukwa mbedza ing'amba kummero. Mangirirani ulusiwo ku lamba wa m'khosi kuti asaumeze wonse, musamupatse chakudya, ndipo pitani kwa dokotala wa ziweto. M'tchire la m'mphepete mumakhalanso misampha yawaya yotchera akalulu ndi agwape. Galu akakodwa amakoka, waya n'kumathina. Muphimbeni kumaso ndi malaya kuti asakulumeni ndi ululu, mumugwire asasunthe, kenako mumasule kapena mudule wayayo ndi pulayala.

*Titabwerako kokayenda, galu anatha milungu iwiri ali bwino, kenako anasiya kudya ndipo mkodzo wake unada. Chinachitika n'chiyani? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre*

Zimenezi zikufanana kwambiri ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Tizilombo take timalowa m'magazi n'kumaswa maselo ofiira, ndipo zizindikiro zimawoneka pakatha mlungu umodzi mpaka itatu: kutentha thupi, kufooka, nkhama zoyera kapena zachikasu, ndi mkodzo wofiirira ngati tiyi. Matendawa amapha m'masiku ochepa koma amachizika ndi jakisoni akapezeka msanga. Ngati galuyo sanawonedwebe, pitani naye lero kuti akamuyeze magazi. Musamupatse panado kapena bulufeni. Mankhwala a anthuwa amawononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu.

Nkhupakupa imafunika kuyamwa kwa tsiku limodzi kapena awiri isanapatsire matendawa, ndiye kumufufuza tsiku lomwelo kumathandiza kwambiri. Yang'anani m'makutu, pakati pa zala, m'khwapa, pansi pa lamba ndi pansi pa mchira. Igwireni pamutu pafupi ndi khungu ndi kopanira kakang'ono, n'kukoka pang'onopang'ono mosapotokola. Musaiwotche ndi machesi kapena kuithira palafini, chifukwa ikavutika imalavulira tizilombo m'thupi mwa galu. Dipi wa ng'ombe musamusungunule mongoyerekeza. Agalu ambiri amafa ndi dipi wokhathamira. Gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu, pa mlingo wa kulemera kwake.

M'nyengo ya mvula mudzawonanso timatuza tokhala ndi kabowo pakati, makamaka pamimba ndi m'mapazi. Zimenezo ndi mphutsi za ntchentche imene imaikira mazira pamchenga woipitsidwa ndi mkodzo kapena chimbudzi. Pakanipo Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, ikasuzumira muifinye ituluke yathunthu, kenako mutsuke pabalapo.

*Kodi katemera wa chiwewe ndi wofunikadi ngati galu sachoka pachingwe? — Wowerenga wa ku Dedza*

Ndi wofunika, ndipo popanda iye ulendo usakhalepo. Chingwe chimaletsa galu wanu kupita kwa agalu ena, koma sichiletsa galu wachiwewe kapena nkhandwe kubwera kwa iye. Abayidwe ali ndi miyezi itatu, kenako chaka chilichonse, ndipo khadi la katemera muziyenda nalo. Ngati galu wanu wakanda kapena kuluma munthu panjira, khadilo ndilo limaziziritsa mitima.

Munthu akalumidwa ndi galu aliyense, atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, asalimange zolimba, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera. Asadikire kuti awone ngati adwale, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuwonetsa zizindikiro sichichizika. Galu wanu akalumidwa ndi galu wosadziwika, valani majumbo m'manja potsuka balalo, ndipo mukanene ku ofesi ya zaziweto ya m'dera lanu ngakhale kuti anabayidwa kale, kuti akamubayenso ndi kumuyang'anira.